Mwana akachedwa kulankhula kapena akamalephera kukhazikika: zoti makolo okhala kunja adziwe za autism ndi ADHD

Makolo ambiri ochokera ku Malawi amene akulera ana ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Indiana amamva koyamba mawu akuti autism kapena ADHD kuchokera kwa mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka, ndipo kawirikawiri mtima umayamba wakana. Tinakula tikumva kuti ana aamuna amachedwa kulankhula, kuti malume ake nawonso adatsegula pakamwa ali ndi zaka 4, ndiponso kuti mwana wopulupudza amangofunika kumuwongola. Nthawi zina mawu amenewa amakhala oona, koma kudikira kuti muone ngati ali oona kumadya zaka zimene ubongo wa mwana umaphunzira msanga, ndipo m'mayiko ambiri mzere wa ana oyembekezera kuyezedwa ndi wautali moti amene wapempha lero akhoza kuitanidwa chaka chamawa.

Autism ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza mmene mwana amachezera ndi anthu, mmene amalankhulira, ndi mmene amamvera phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore ndiye adafotokoza koyamba za ana 11 oterewa m'chaka cha 1943. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kwa zaka zingapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism, pamene bungwe la boma loona za matenda la CDC ku America lidalengeza mu 2025 kuti ndi mmodzi mwa ana 31 a zaka 8. Ana a autism safanana: wina salankhula n'komwe ndipo adzafunika womusamalira moyo wake wonse, wina amakhoza masamu kuposa anzake onse koma sadziwa poyambira kusewera nawo.

Zizindikiro zoyenera kuziyang'anira n'zoonekeratu kwa munthu amene amakhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku. Mwana wa chaka chimodzi amene satembenuka mukamutchula dzina, wa miyezi 18 amene saloza ndi chala kuti akuonetseni ndege kapena galu, wa zaka 2 amene sanayambe kulumikiza mawu awiri, kapena wa msinkhu uliwonse amene wasiya mawu amene ankawadziwa kale, ayenera kuonedwa ndi dokotala. Ena amakupiza manja, amayenda monyang'ama, amandandalika zidole pamzere osasewera nazo, amadya mitundu iwiri yokha ya chakudya, kapena amalira mosatonthozeka mukasintha njira yopitira kusukulu. Choyamba pemphani kuti amuyeze makutu, chifukwa mwana amene samva bwino amaonetsanso zina mwa zimenezi. Pali mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R amene makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30 amayankha, ndipo ku America madokotala a ana amalangizidwa kuyeza mwana aliyense pa miyezi 18 ndi 24. Mafunsowa amangosonyeza ngati pakufunika kuyeza mozama.

ADHD imaonekera kwambiri mwana akayamba sukulu. Mwanayo amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, amataya makope ndi majuzi, amayankha funso lisanathe, amadzuka pampando aphunzitsi ali mkati mophunzitsa. Madokotala satchula dzinali pokhapokha zizindikiro zitatha miyezi 6, zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, ndiponso zikuoneka m'malo osachepera awiri, monga kunyumba ndi kusukulu. Pafupifupi ana 5 mwa 100 ali nayo. Atsikana ambiri amaphonyedwa chifukwa sasokoneza kalasi, amangokhala phee maganizo ali kutali, n'kumatchedwa aulesi. Kuyambira mu 2013 madokotala amavomereza kuti mwana mmodzi akhoza kukhala ndi autism ndi ADHD nthawi imodzi.

Chimene makolo ochokera kwathu ayenera kuchisamala kwambiri ndi chakuti woyeza mwana wanu sadziwa mmene timalerera, ndipo akhoza kulakwitsa ngati inu simumuuza. Kwathu mwana waulemu amayang'ana pansi akamalankhula ndi wamkulu, pamene pepala la dokotala likufunsa ngati mwanayo amayang'ana anthu m'maso. Muuzeni dokotalayo mwambo umenewu, koma nanunso mudzifunse moona mtima ngati mwanayo amayang'ana m'maso mwa mayi ake posewera, kapena mwa ana anzake, pakuti ulemu umaphunziridwa mwana atakula pang'ono ndipo sungafotokoze za khanda la chaka chimodzi. N'chimodzimodzi ndi chilankhulo. Ngati mwana amadziwa mawu 15 a Chichewa ndi 10 a Chingerezi, ndiye kuti amadziwa mawu 25, ndipo woyezayo awerenge onsewo. Kumva zilankhulo ziwiri sikuyambitsa autism ndipo sikuchedwetsa kulankhula. Wina akakulangizani kuti musiye Chichewa kapena Chitumbuka pakhomo, dziwani kuti akatswiri a kalankhulidwe salimbikitsanso zimenezo, ndipo mwana amene wataya chilankhulo cha kwawo watayanso njira yolankhulira ndi agogo ake pafoni. Ngati Chingerezi cha kuchipatala chikukuthamangirani, pemphani womasulira pasadakhale. Jambulani pafoni timavidiyo tatifupi ta zimene mwanayo amachita pakhomo, popeza ana ambiri amasintha akalowa m'chipinda chachilendo, ndipo ngati adabadwira kumudzi, tengani kabuku kake ka kusikelo.

Nkhaniyi ikafika kwa achibale, simudzalephera kumva kuti mwanayo adalodzedwa, kapena kuti bambo ake adamukhwimira kuti apeze chuma kunjako, ndipo mabanja ena asweka chifukwa cha mawu oterewa. Kafukufuku wa mapasa ndi wa mabanja wasonyeza kuti autism ndi ADHD zimayenda kwambiri m'magazi, ndipo kubadwa masiku asanakwane kumawonjezera mpata wake. Katemera sayambitsa autism. Mphekesera imeneyi idachokera pa nkhani ya dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, yokhudza ana 12 imene idatuluka m'magazini ya The Lancet mu 1998, koma magaziniyo idaichotsa mu 2010, chaka chomwecho mwini wakeyo adalandidwa chilolezo cha udokotala, ndipo kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019 wa ana oposa 650,000 sadapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemera wa chikuku ndi autism. Pempherani monga mwa chikhulupiriro chanu, koma tsiku lokaonana ndi dokotala lisaphonyedwe.

Khomo lolowera limasiyana malinga ndi dziko. Ku England yambani ndi GP (dokotala wa banja) kapena health visitor (namwino woyendera mabanja a ana aang'ono), ndipo kusukulu funsani mphunzitsi woyang'anira ana ofunika thandizo lapadera, wotchedwa SENCO. Ngati thandizo la pasukulupo silikukwanira, kholo lili ndi ufulu wolembera khonsolo mwachindunji kupempha EHCP, chikalata chimene chimakakamiza boma kupereka thandizo lolembedwamo, ndipo lamulo limati ntchito yonse ithe m'masabata 20, ngakhale makhonsolo ambiri amachedwa. Sukulu ya boma saiwerengera m'gulu la public funds, thandizo la boma limene mavisa ena amaletsa kulandira, koma ndalama zothandizira ana aulumali zotchedwa Disability Living Allowance amaziwerengera, choncho amene visa yake ili ndi chiletso chimenechi afunse kaye mlangizi wa zolowa ndi kutuluka asanapemphe. Ku America mwana wosakwana zaka 3 amathandizidwa kudzera mu pulogalamu ya boma yotchedwa Early Intervention, ndipo kuyambira zaka 3 mungalembere akuluakulu a sukulu za m'dera lanu kuti amuyeze kwaulere ndi kumukonzera IEP, chikalata chofotokoza thandizo limene azilandira kusukulu. Chigamulo cha Plyler v. Doe cha mu 1982 chimapatsa mwana aliyense ufulu wa sukulu ya boma ngakhale alibe mapepala. Ku South Africa yambani ku kiliniki ndi kabuku ka Road to Health kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu, ndipo bungwe la Autism South Africa limapereka uphungu kwa makolo. Khoti la ku Makhanda lidagamula mu 2019 kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Kulikonse kumene muli, pemphani polemba, sungani makalata onse, ndipo lembani tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye.

Chikwapu sichichotsa autism kapena ADHD, chimangowonjezera mantha, komanso chikhoza kukuikani m'manja mwa a zosamalira ana. Ku South Africa kumenya mwana pakhomo kudaletsedwa mu 2019, ku Scotland mu 2020, ku Wales mu 2022. Chimene chimathandiza ndi ndondomeko yosasinthasintha ya tsiku, malangizo aafupi operekedwa limodzilimodzi, zithunzi zosonyeza chimene chikubwera, ndi kumuyamikira mwana pompopompo akachita bwino. Palibe mankhwala ochiza autism, ndipo aliyense wogulitsa oterowo akufuna ndalama zanu. ADHD ili ndi mankhwala amene amathandiza ana ambiri, makamaka methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin kapena Concerta. Amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo nthawi zina amasokoneza tulo, n'chifukwa chake dokotala amayeza kutalika, kulemera ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, ndipo kwa ana aang'ono kwambiri amayamba ndi kuphunzitsa makolo asanaganize za mankhwala.

Makolo ena akatopa amaganiza zotumiza mwana kwa agogo kuti akakulire pakati pa anzake. Chikondi akachipeza, koma akatswiri a kalankhulidwe ndi aphunzitsi a ana oterewa ndi ochepa kwambiri kwathu, ndipo mwana wa autism amavutika kwambiri akasintha malo ndi anthu nthawi imodzi. Ngati mukungopita kukacheza, muonetseni zithunzi za nyumba ndi za achibale kudakali masabata angapo, muwauziretu achibalewo kuti asamuunjirire tsiku loyamba, ndipo popeza methylphenidate ndi mankhwala oyang'aniridwa ndi malamulo, anyamuleni m'paketi yake ya ku famase limodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mwana, mlingo wake ndi masiku a ulendo.