Momwe mungadziwire mtundu wa nyerere poyang'ana thupi la zantchito

Mvula ikangoyamba mu Novembala, nyerere zimabalalika m'nyumba ndi m'minda muno mu Blantyre, ndipo ambiri timathamangira mankhwala opopera tisanadziwe n'komwe kuti tikulimbana ndi mtundu uti. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa nyerere zina zimatilondera mango kuti ntchentche zoboola zipatso zisafike, pamene zina zimaweta nsabwe zoyamwa mbewu. Padziko lonse pali mitundu yodziwika yoposa 14,000, koma kuti muzindikire zapakhomo panu, malo oyang'ana ndi ochepa. Ofunika kwambiri ndi chiuno.

Tiyang'ana zantchito zokha, zija zopanda mapiko zimene zimayenda pamzere. Zonsezo n'zazikazi. Zamapiko zisiyeni chifukwa zimasokoneza. Yamphongo ya linthumbu, mwachitsanzo, ndi chinthu chachitali chonenepa, chofiirira, chimene chimadziwombetsa pa babu usiku, ndipo simungaganize kuti n'chapachibale ndi linthumbu loluma lija.

Choyamba, gwirani zingapo

Ikani pepala pafupi ndi njira yawo. Pakona ina pakani chiponde, pena dontho la madzi a shuga, pena mutu wa usipa. Pakatha theka la ola zikhala zitasonkhana, ndipo chakudya chimene zathamangira chilembeni. Tolani ngati khumi ndi nthenga yonyowa, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pakuti chisa chimodzi chimatha kukhala ndi misinkhu iwiri kapena kuposa. Ziponyeni m'kabotolo ka spiriti woyera wa ku famase. Pakapepala lembani dera, tsiku ndi pamene mwazipeza, monga "Chilomoni, pansi pa mwala" kapena "Bangwe, mumtengo wa mango". Lembani ndi pensulo, inki ya bolopeni imasungunuka mu spiriti.

Chachiwiri, tsimikizani kuti si chiswe

Apa sipochedwetsa. Chiswe chilibe chiuno chowonda, thupi lake n'lofewa ndi lotuwa, tinyanga take n'toongoka. Nyerere ili ndi chiuno chowonda ndipo tinyanga take timapindika pakati.

Chachitatu, werengani mfundo zapachiuno

Goneketsani nyerere chammbali pa pepala loyera pafupi ndi rula. Pezani galasi lokulitsa zinthu kakhumi, kapena kagalasi komata pa kamera ya foni. Chitani izi panja pamthunzi wowala. Pakati pa chifuwa, pamene pamachokera miyendo isanu ndi umodzi, ndi mimba yakumbuyo pali timfundo totukuka. Kali kamodzi kapena tili tiwiri? Mukayang'ana chapamwamba mimba imatiphimba, n'chifukwa chake ndikuti chammbali.

Ngati tili tiwiri, onani kumapeto kwa chifuwa ngati kuli timinga. Mukapeza timinga tiwiri, ndipo pagulupo pali zing'onozing'ono za mamilimita 2 zosakanikirana ndi zina zochepa za mutu waukulu mopitirira thupi, amenewo ndi a Pheidole. Wofala m'madera otentha ndi Pheidole megacephala, amene amaunjika dothi m'ming'alu ya simenti pakhonde. Ameneyu ndiye amasamalira nsabwe ndi tizilombo toyera taufa pa mbewu kuti azimwa timadzi totsekemera tomwe timatulutsa. Mimba ikakhala yosongoka kumapeto, ya maonekedwe a mtima, ndipo nyerereyo ikuikweza pamwamba pa msana mukaiputa, ndi Crematogaster, wokonda kukhala m'mitengo. Kakakhala kachikasu, kopanda minga, ka mamilimita 2, koyenda pamzere wowonda m'kabati, n'kutheka ndi Monomorium pharaonis.

Mafulufute amene timakazinga aja, Carebara vidua, alinso m'gulu la mfundo ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti zantchito zake ndi tinthu tachikasu tating'ono kwambiri tokhala pansi pa nthaka, moti anthu ambiri odya mafulufute sanationepo.

Mfundo ikakhala imodzi, funani maso. Ngati palibe ngakhale kadontho, ndipo nyererezo n'zofiirira, zamisinkhu yosiyanasiyana, zazikuluzo zili ndi nsagwada zopindika, ndi linthumbu, Dorylus. Zantchito zake zonse n'zosaona, zimayenda potsata fungo.

Maso akakhalapo, pitani ku mimba. Ikakhala yofinyika pang'ono pambuyo pa chigawo choyamba, kumapeto kuli mbola, muli m'gulu la mdzodzo, choncho musagwire ndi zala. Zakuda zazikulu zimene timaziona zili pawiri. Paltothyreus tarsatus amasaka yekhayekha ndipo amatulutsa fungo loipa lomwe mumalimva musanamuone. Megaponera analis amayenda chigulu pamzere kukathira nkhondo chiswe, n'kubwerera atasenza chiswecho kukamwa. Mukapondaponda pafupi ndi mzere wawo mumamva kaphokoso kosisima. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017, wochitikira kunkhalango ya Comoé ku Côte d'Ivoire, anaonetsa kuti nyerere zimenezi zimanyamula anzawo ovulala kubwerera nawo kuchisa. Zoterezi mukaziona m'munda zilekeni zidutse, zikukuchepetserani chiswe.

Chachinayi, yang'anani kunsonga kwa mimba

Zotsala ndi za mfundo imodzi, zopanda mbola. Apa galasi liyenera kukhala labwino. Mukaona kabowo kozungulira, kawirikawiri kokhala ndi timaubweya m'mphepete, ndi nyerere zopopera asidi. Zazikulu, zamsana wopindika bwino wopanda minga, zimene zimatulukira kukhitchini usiku kufuna shuga, ndi Camponotus. Zakuda zowonda za mamilimita 3, zatinyanga tatitali kwambiri, zothamanga mbali zonse mopanda mzere, ndi Paratrechina longicornis. Zofiira ngati lalanje, zamiyendo itali, zimene zimalumikiza masamba amoyo kupanga chisa mumtengo, ndi Oecophylla longinoda. Ulusi wosokera masambawo umachokera kwa ana awo: yantchito imagwira kamphutsi ndi nsagwada n'kumakakhudzitsa uku ndi uku mpaka masamba atagwirana. Zimakonda malo otentha, choncho mudzaziona kwambiri mukatsikira ku Chikwawa kapena kunyanja kusiyana ndi kumtunda kozizira kwa Soche ndi Ndirande.

Kabowo kakapanda kuoneka, tswanyani imodzi yamoyo ndi kununkhiza. Fungo lachinthu chovunda, mutu wakuda koma miyendo ndi mimba zotuwa pafupifupi zoonekera mkati, kutalika kosafika mamilimita 2: ameneyo ndi Tapinoma melanocephalum. Mfundo yake ndi yaphwatalala ndipo imabisala pansi pa mimba, musadabwe mukalephera kuiona.

Maonekedwe a khungu musawadalire kwambiri. Kufiira kapena kuda kumasintha ngakhale m'chisa chimodzi, ndipo zongoswa kumene zimakhala zotuwa. Munthu akayambira pamenepo amaika linthumbu ndi zosoka masamba m'gulu limodzi, chonsecho imodzi ilibe maso, inayo ili ndi maso akulu.

Chachisanu, tsimikizani musanachite kanthu

Ndi galasi lam'manja mudzafika pa dzina la banja monga Pheidole kapena Camponotus. Lililonse mwa awiriwa lili ndi mitundu yoposa 1,000, ndipo kuisiyanitsa kumafuna maikulosikopu. Jambulani zithunzi zitatu, chakumaso, chammbali ndi chapamwamba, rula ikuoneka. Ziyerekezeni ndi za pa AntWeb, tsamba la pa intaneti la zithunzi za nyerere, kapena ziikeni pa iNaturalist, tsamba loikapo zithunzi za zamoyo, kuti odziwa akuthandizeni. Ngati nkhani ndi ya mbewu, tengani kabotolo kaja mupite nako kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Mukadziwa dzina, chochita chimadziwikanso. Zosoka masamba zisiyeni mumtengo, pothyola mango ingovalani zamanja aatali. A Pheidole akachuluka pa mbewu, tembenuzani masamba mufune nsabwe, vuto lenileni lili pamenepo. Monomorium pharaonis musamupopere, chifukwa chisa chake chimagawikana n'kufalikira zipinda zina. Iyeyu amafuna nyambo yapoizoni yoti zantchito zitengere kuchisa, yoikidwa posafika ana. Linthumbu silikhalitsa malo amodzi, koma usiku umodzi wokha likhoza kupha anapiye ndi akalulu otsekeredwa, choncho mukaona mzere ukulunjika kukhola, tulutsani ziwetozo msanga ndipo thirani phulusa mozungulira kholalo.