Drone ikagundana ndi nyimbo pa bouzouki ya trichordo

Trichordo ndi bouzouki (choimbira cha ku Greece cha khosi lalitali) ya magulu atatu a nsambo ziwiriziwiri, ndipo imachunidwa Re-La-Re. Poimba nyimbo pa nsambo ziwiri zopyapyala za Re, bourgana (nsambo yokhuthala ya Re wotsika) ikulira yosadinikiza ngati drone (liwu limodzi lolira mosalekeza pansi pa nyimbo), mawu ankagundana kuyambira fret ya 7 kupita m'tsogolo (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la bouzouki). Vuto linali bridge (kamtengo kamene nsambo zimatsamirapo pamimba pa bouzouki). Simatidwa, imangogwidwa ndi nsambo, ndiye inasuntha posintha nsambozo.

Ndinayerekeza harmonic ya pa fret ya 12 (liwu lomveka mukangokhudza nsambo osaidinikiza) ndi mawu odinikiza pomwepo. Odinikizawo anali okwera, choncho ndinamasulako nsambo, n'kukankhira bridge chakumchira mamilimita awiri, n'kuchunanso. Akanakhala otsika, bridge ikanapita chakukhosi.

Chotsala chinali La wapakati (gulu la nsambo zapakati), amene ankang'ung'udza nyimbo ikafika pa Si bemol (liwu lokwera pang'ono chabe kuposa La). Ameneyu mumangomukhudza ndi nsonga ya chala chodinikizacho, amakhala chete.