Musasakanize ma header a laputopu ndi a Raspberry Pi

Anzanga amene mukulemba mapulogalamu a Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya ARM) kuno ku Harare, ndaona ambiri akukompayila (kusandutsa code kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse) pa Pi pomwepo. Zimachedwa, ndipo magetsi akathima pakati mumangogwira njakata. Kompayilani pa laputopu, koma pali msampha.

Mukaika gcc-aarch64-linux-gnu pa Ubuntu, compiler (pulogalamu yokompayilira) mwapeza, koma ma library (code yokonzedwa kale yomwe pulogalamu yanu imadalira) a ARM monga libcurl kapena SQLite mulibe. Musayerekeze kuiloza ku /usr/include (mokhala ma header, mafayilo ofotokoza zomwe zili mu library) ndi /usr/lib za laputopu yanu, zimenezo ndi za x86-64, mtundu wa purosesa ya laputopu, osati ARM. Poyamba zimaoneka ngati zikuyenda, kenako linker (yolumikiza pulogalamu yanu ndi ma library) n'kuyamba kudandaula kuti "skipping incompatible". Ine zinandidyera Loweruka lathunthu kwathu ku Highfield, nsima mpaka kuzizira patebulo.

Chitani chonchi. Ikani ma package a -dev (okhala ndi ma header) pa Pi, kenako kopani /usr/include, /usr/lib ndi /lib pogwiritsa ntchito rsync (pulogalamu yokopera mafayilo), zilowe mufoda imodzi pa laputopu. Fodayo muipereke kwa gcc ndi --sysroot. Chenjerani ndi ma symlink (mafayilo ongoloza ku mafayilo ena): ena njira yawo imayambira pa /, ndiye akafika pa laputopu amaloza mafayilo olakwika. Asintheni akhale relative, kutanthauza kuti njira yawo iziyambira pomwe iwo ali.

Chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi pkg-config, pulogalamu yomwe imawerenga mafayilo a .pc n'kunena komwe kuli ma library. Ikani PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR ndi PKG_CONFIG_LIBDIR kuti ziloze kufoda ija, apo ayi izikupatsanibe mafayilo a .pc a laputopu. Za CMake (pulogalamu yokonza m'mene kukompayila kuyendere): CMAKE_FIND_ROOT_PATH_MODE_LIBRARY ikhale ONLY, CMAKE_FIND_ROOT_PATH_MODE_PROGRAM ikhale NEVER.

Pulogalamu ikatuluka, ifufuzeni ndi lamulo la file musanaitumize ku Pi, lamulolo lizinena kuti ARM aarch64, yomwe ndi ARM ya 64-bit. Ngati Pi yanu ili ndi OS ya 32-bit, compiler yoyenera ndi arm-linux-gnueabihf-gcc.