Musanalipire lendi ku Harare: mmene mungasankhire dera lokhalamo ndi ana

Nyumba yoyamba imene ndinachita lendi kuno ku Harare ndinaisankha pa foni ndili ku Blantyre. Zithunzi zake zinali zogwira mtima: mpanda wa simenti, bafa la matailosi, mpopi wonyezimira kukhitchini. Titatsika basi pa Roadport, matupi atafooka ndi ulendo wa pa Mwanza, pa Tete ndi pa Nyamapanda, tinapita molunjika kunyumba kuja. Ndinatsegula mpopi. Unangotsokomola mphepo basi. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa, "Bambo a Chisomo, za madzi munafunsa?" Sindinafunse. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo tinalidya miyezi inayi, tikukankha zigubu pa wilibala.

Ngati mukusamukira kuno ndi banja, nazi zimene ndikanachita ndikanakhala kuti ndikuyamba lero.

Poyamba, bwerani nokha, ndipo muyambire kumene mukagwire ntchito

Ana ndi mayi awo atsale kaye kumudzi kwa milungu iwiri kapena itatu. Inu mugone kwa mbale kapena ku loji yotsika mtengo uku mukuuphunzira mzinda.

Harare ndi wotambalala, ndipo anamangidwa motsata tsankho la atsamunda lomwe mapazi ake akuonekabe. Kumpoto kuli mayadi akuluakulu: Borrowdale, Highlands, Chisipite, Mount Pleasant komwe kuli University of Zimbabwe. Kumadzulo ndi kumwera kuli malokeshoni odzaza anthu ngati Ndirande kapena Kawale kwathu: Mbare, Highfield, Glen Norah, Glen View, Budiriro, Mufakose, Kambuzuma, Kuwadzana, Dzivarasekwa. Kum'mawa kuli Mabvuku ndi Tafara. Pakati pa magulu awiriwa pali madera ngati Waterfalls, Hatfield, Mabelreign, Marlborough, Belvedere, Eastlea ndi Greendale, komwe mabanja ambiri a anthu apantchito amakhala, ena m'nyumba yonse, ena m'kanyumba ka kuseri komwe kuno amakatcha kuti koteji.

Chofunika kudziwa n'chakuti ma kombi, omwe ndi maminibasi a kuno, ambiri amathera m'tauni, pa Copacabana, pa Market Square, pa Charge Office kapena pa Fourth Street. Mukakhala kumadzulo koma ntchito ili kum'mawa, ndiye kuti ma kombi awiri popita, awiri pobwerera, tsiku ndi tsiku. Wogwira ntchito ku Msasa, chakum'mawa kwa mzinda, ayang'ane ku Greendale, Eastlea, Mabvuku, Tafara kapena Ruwa. Wa ku mafakitale a ku Willowvale ndi Southerton ayambire ku Highfield, Glen Norah kapena Waterfalls. Ku Chitungwiza, tauni ya kumwera kwa Harare, lendi imapepuka, koma mukayese kaye Seke Road, msewu wolowera mumzinda kuchokera kumeneko, 6 koloko m'mawa musanakopeke ndi mtengo.

Kachiwiri, madzi. Apa musathamange

Kuno nyumba imasankhidwa ndi madzi. Penti ndi matailosi zimabwera pambuyo.

Madzi ambiri a mzindawu amachokera ku Lake Chivero ndi Lake Manyame, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, chakumadzulo kwa mzinda. Chifukwa cha zimenezi, madera okwera ndi akutali a kum'mawa ndi kumpoto ali kumchira kwa mapaipi. Mbali zina za ku Mabvuku ndi Tafara zinakhala zaka zambiri mipopi ili gwaa. Musaganize kuti ndi vuto la osauka okha: ku Borrowdale ndi ku Greendale anthu amadalira mijigo yapanyumba ndi magalimoto ogulitsa madzi. Chinanso, Chivero ali kumunsi kwa mzinda, kotero zonyansa zotuluka m'masuweji ophulika zimatsetsereka ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba kukathera m'nyanja yomwe mzinda ukumwa. N'chifukwa chake ngakhale kumene madzi a khonsolo amatuluka, mabanja ambiri amachapira ndi kusambira okha, akumwa amakatunga kwina.

Mukafika pa nyumba imene mukuifuna, tsegulani mpopi uliwonse, gejemulani chimbudzi, kenaka funsani mafunso awa. Madzi a khonsolo amabwera masiku angati pa sabata, ndipo amabwera masana kapena pakati pa usiku? Pali mjigo? Ngati ulipo, pampu yake imayendera magetsi a ZESA (ESCOM ya kuno) kapena sola? Funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa mjigo wa magetsi umagona limodzi ndi magetsiwo. Pali thanki, ndipo ndi ya malita angati? Thanki ya malita 5,000 pa banja limodzi ndi chuma, koma pa mabanja anayi ogawana yadi imodzi imatha ngati mchere wa pamaliro. Pomaliza funsani ngati mjigowo umaphwa mu Okutobala mvula isanagwe. Mjigo uliwonse umaoneka wabwino mu Febuluwale.

Eni nyumba adzakuyankhani zokoma. Inu mutuluke pageti, mukapeze mayi amene akuchapa kapena akubwera ndi chidebe pamutu, mumulonjere bwinobwino n'kumufunsa mafunso omwewo. Chingerezi chimamveka pafupifupi paliponse. Mukaona mzere wautali wa zigubu pa mjigo wa m'mudzi, yankho mwalipeza kale.

Nkhani ya kolera tisaibise. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, ndipo Budiriro ndi amodzi mwa madera amene anavutika kwambiri. Mu Seputembala 2018 unabukanso ku Glen View ndi Budiriro, madzi a m'zitsime ndi m'mijigo atasakanikirana ndi a m'masuweji. Mu 2023 unavuta ku Kuwadzana. Sindikunena kuti madera amenewa ndi osakhalika. Muli mabanja aulemu ambirimbiri amene akulera ana bwino lomwe. Ndikunena kuti ngati muli ndi khanda, yendani msewu wonse wa nyumbayo mphuno ili tcheru. Suweji yophulika sibisala. Ndipo madzi akumwa, kaya achokera pa mjigo wooneka bwino chotani, muziwiritsa kapena kuthira mankhwala.

Kachitatu, pezani sukulu musanapeze nyumba

Ambiri timachita mozondoka: nyumba kaye, kenaka n'kumazungulira ndi mwana kusaka malo. Yambani ndi sukulu.

Kwathu chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Kuno chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, ndipo malo amapemphedwa miyezi ingapo chaka chisanathe. Mukasamuka mu Ogasiti poganiza kuti mwana akayamba kalasi yatsopano, adzapeza anzake akulowa teremu yomaliza. Pulayimale kuno imayambira ku makalasi a mkaka otchedwa ECD A ndi ECD B, n'kupita Grade 1 mpaka Grade 7, osati Sitandade 8. Mayeso a boma amayendetsedwa ndi bungwe la ZIMSEC, pomwe sukulu zambiri zolipira zodula zimalembetsa a Cambridge. Tengani kalata yosamutsira mwana, malipoti ake, ndi satifiketi yake yobadwira. Mwana wa mlendo amafunikanso chilolezo chophunzirira kuchokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, choncho chipempheni limodzi ndi chilolezo chanu cha ntchito.

Kwa ahedi funsani ngati sukuluyo ili ndi zimene amati hot-seating, kutanthauza kuti ana ena amalowa m'mawa, ena masana chifukwa makalasi ndi ochepa. Ngati nonse awiri mukugwira ntchito, mwana wolowa masana m'mawa wonse akhala ndi ndani? Funsaninso za Chishona. Ku Harare chimaphunzitsidwa m'kalasi. Mwana wamng'ono amachitola msanga pamasewera, mwina kuposa inu, koma wamkulu amene watsala pang'ono kulemba Grade 7 adzafunika womuthandiza. Mwa njira, malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ngakhale musayembekeze kuti mphunzitsi wa ku Mabelreign akachilankhula.

Mukapeza malo, yendani wapansi kuchokera pageti la sukulu kukafika pa nyumba imene mukuiganizira. Werengani misewu ikuluikulu imene mwana adzaoloke. Timagalimoto ta mushikashika, tonyamula anthu mozemba malamulo, timaima ndi kunyamuka paliponse. Nyumba yonyozeka imene mwana wa Grade 2 angayende yekha kupita kusukulu ndimaiika patsogolo pa nyumba yokongola yofuna kombi.

Kachinayi, magetsi

Apa sinditaya nthawi, Amalawi kuzimazima kwa magetsi timakudziwa. Madzi akachepa ku damu la Kariba, komwe amapangirako magetsi, zinthu zimafika poipa. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Funsani ngati nyumba ili ndi mita yakeyake ya mayunitsi. Mita yogawana ndi eni nyumba ndi gwero la mikangano. Makala sapezeka ponseponse ngati kwathu, anthu amaphikira gasi, ndiye onani ngati pali podzazitsira pafupi.

Kachisanu, lionani deralo katatu

Kamodzi mbandakucha, kuti muone mzere wa ma kombi ndi wa madzi. Kachiwiri Lachisanu madzulo, kuti mumve phokoso la mabala ndi kuona amene amakhala pamakona. Ngati muli ndi mwana wachinyamata izi n'zofunika, chifukwa mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro asokoneza achinyamata ambiri kuno, ndipo anthu oyandikana nawo amadziwa bwino nyumba zimene amagulitsirako. Kachitatu mvula itangogwa. Harare anamangidwa pakati pa madambo, ndipo anthu ena anagulitsidwa mapuloti m'madambomo mwachinyengo. Nyumba zotere zimalowa madzi, zina khonsolo imadzagwetsa. Mukabwera m'chilimwe, yang'anani mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma ndi bango lomera pafupi.

Pa maulendo omwewa dziwani kiliniki ya khonsolo imene ili pafupi, ndi njira yachidule yopita kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa, ku Sally Mugabe Central Hospital kapena ku Chitungwiza Central Hospital usiku. Onaninso poti ana angathamange. Malo opumulirako ngati Mukuvisi Woodlands, Harare Gardens ndi National Botanic Garden ndi a Loweruka. Cha tsiku ndi tsiku ndi bwalo la m'dera lanu.

Kachisanu ndi chimodzi, funani anzanu

Simuli oyamba. Agogo athu anabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo zidzukulu zawo zadzaza ku Mabvuku, Tafara, Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa. Gule Wamkulu amavinidwa, eni dziko amamutcha zvigure. CCAP ili ndi Sinodi yake ya Harare, ndipo mizikiti yambiri ya m'malokeshoni inayambitsidwa ndi Asilamu ochokera kwathu. Mudzamvanso mawu oti Mabhurandaya, ochokera ku dzina la Blantyre. Ena amawanena moseka, ena monyoza, ndipo ndi bwino kuwachenjezeratu ana.

Ine nyumba yachiwiri ndinaipeza titatuluka m'tchalitchi. Gogo wina wobadwira konkuno, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona, atamva za wilibala yathu anangoti, "Mwanangu, bwanji osabwera kuno poyamba? Mawa upite ndi mlamu wakoyu akakuonetse." Komabe chibale chisakutsekeni maso: dera lokhala ndi abale ambiri likhoza kukhala lomwe lija la mipopi youma.

Pomaliza, ndalama ndi pepala

Lendi kuno imalipiridwa kwambiri m'madola a ku America, ngakhale dziko lili ndi ndalama yake ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Gwirizanani polemba kuti muzilipira ndalama iti. Madobadoba a nyumba adzaza pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ambiri amafuna kuti mutumize kaye kenakake pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, kuti akuonetseni nyumba. Musatumize dipoziti ya nyumba imene simunalowemo. Ma ejenti enieni amalembetsa ku Estate Agents Council of Zimbabwe, ndipo kufunsa umboni wake si mwano. Onanani maso ndi maso ndi mwini nyumba, osati "mphwake" yekha.

M'pangano mulembedwe lendi, dipoziti ndi mmene idzabwezedwere, nthawi ya notisi, wolipira bilu ya khonsolo, ndi amene adzakonzetse pampu ya mjigo ikapsa. Mufunsenso poyera ngati ana akuloledwa komanso angati, chifukwa eni makoteji ena safuna phokoso la ana ndipo amadzanena mutalowa kale. Ngati angavomere, sainani miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yokha poyamba, ndipo muyesetse kuti Okutobala agwere mkati mwake.