Momwe mungamuonere mwana wodwala pa OPD osaphonya chibayo chobisala kuseri kwa malungo

Izi ndikulembera anamwino anzanga amene mwangofika kumene ku zipatala zazing'ono za kuno ku Dedza, makamaka inu amene mwapezeka muli nokha pa OPD, poonera odwala osagonekedwa, Lolemba m'mawa, mzere wafika mpaka pansi pa mtengo, a kiliniko apita ku msonkhano ku boma. Ndagwira ntchitoyi nthawi ndithu ndipo chinthu chimodzi chimandiwawa mpaka pano, mwana akatentha thupi timathamangira tesiti ya malungo, ikatuluka pozitivu talemba LA, mankhwala a malungo aja, wotsatira alowe. Pomwe mwanayo akupuma ngati wathamanga ndipo palibe amene wamuvula malaya.

Choyamba musakhale pansi. Tulukani muyende mu mzere wonse musanayitane munthu woyamba, zimatenga mphindi 5 zokha. Mwana amene ali pangozi nthawi zambiri si uja akulira mokuwa ayi, ndi uja wangoti zii kumbuyo kwa mayi ake atafunditsidwa zitenje zitatu. Pemphani, "Mayi tatsegulani pang'ono timuone mwanayo." Amayi ambiri akumudzi sangadumphe mzere okha, amaopa kukalipidwa, ndiye amangodikira mwaulemu mwana akuthera kumsana. Njira yosankha odwalitsa msangayi ndi ija ya ETAT, ndipo ntchito yaikulu yoyikonza inachitikira konkuno ku Malawi pa Queen Elizabeth ku Blantyre, nde si zachilendo kwa ife.

Mwana akalowa funsani zizindikiro zoopsa za IMCI, ndondomeko ija yoonera ana odwala, musanafunse china chilichonse. Akuyamwa kapena kumwa? Akusanza chilichonse chomwe wamwa? Anakomokapo kapena kuuma thupi pa matenda ano? Wafooka moti sakukuyang'anani, kapena sakudzuka? Mayi akati sakuyamwa musangolemba, auzeni amuyike kubere pomwepo muone nokha. Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi basi ameneyo ndi wotumiza ku chipatala chachikulu, koma mutamupatsa kaye thandizo loyamba.

Tsopano kupuma, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mwana akhale pa miyendo ya mayi ake, asalire, chifukwa wolira mungawerenge zabodza. Musayambe ndi themometa kapena kumubaya chala, zimenezo zimamuliza, werengani kaye. Mayi akweze malaya chifuwa chioneke, inu yatsani wotchi ya pa foni muwerenge mphindi yathunthu, osati masekondi 15 nkuchulukitsa, ana amapuma modukizadukiza. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60 pa mphindi ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo ameneyu bwerezani kuwerenga. Wa miyezi iwiri mpaka asanakwane chaka malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5 malire ndi 40. Manambala atatuwa alembeni pa pepala mumate pakhoma pamaso panu.

Kenako yang'anani m'munsi mwa chifuwa pamene akukoka mpweya. Kukamalowa mkati nthawi zonse pomwe mwana ali phee, chimenecho ndi chibayo. Mvetseraninso kaphokoso kokhakhala akamakoka mpweya. Ngati muli ndi kamakina koyezera okosijeni pa chala kagwiritseni, pansi pa 90 ameneyo sabwerera kunyumba. Wopuma mofulumira koma wopanda chizindikiro choopsa apatseni amoxicillin malinga ndi sikelo yake ndipo abwerenso tidzamuone pakatha masiku atatu. Mwezi wa June ndi July kukazizira cha ku Bembeke ndi kumtunda konseku, ana amakhalira kukhitchini mu utsi tsiku lonse, chibayo chimachuluka zedi. Ine ndinaphunzira mowawa pa kamnyamata kena ka miyezi 8, tesiti inali pozitivu ndinapereka LA osawerenga kupuma, mawa lake agogo ake anabwera nako pa kabaza mphuno zikuchita kutukuka, milomo yatuwa. Kanachira titakatumiza, koma usiku umenewo sindinagone.

Zikatero bwerani ku kutentha thupi. Mkhwapa mukawerenga 37.5 kapena kuposa, kapena mayi akuti wakhala akutentha, yezani malungo ndi mRDT, tesiti ija yobaya chala. Gwirani khosi muone ngati lauma. Pozitivu wopanda zoopsa ndi wa LA, ndipo mlingo umatsata sikelo osati maso: makilo 5 mpaka 14 piritsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Loyamba amwere pamaso panu, lachiwiri pakatha maola 8, ndipo auzeni amuyamwitse kapena amupatse phala lotsira nsinjiro chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta. Akasanza isanathe theka la ola mpatseninso. Kumbukirani kuti tesiti ija imatha kukhalabe pozitivu kwa masabata angapo munthu atachira kale, nde tsegulani buku lake la kuchipatala, ngati anamwa LA sabata yathayi musangoti ndi malungonso, fufuzani khutu, pakhosi, chifuwa. Negetivu musapereke LA ongofuna kusangalatsa mayi, akhalitseni pansi muwafotokozere. Anzathu a kumunsi ku Mtakataka ndi Golomoti kumene kumatentha amaona malungo ambiri kuposa ife akumapiri, komabe ngakhale kumeneko matenda awiri amatha kukhala mwa mwana mmodzi.

Malungo aakulu ndi a jakisoni wa artesunate musanamukweze galimoto, 3 mg pa kilo kwa mwana wosakwana makilo 20, ndi 2.4 mg pa kilo kwa woposa pamenepo. Ndipo chonde shuga. Mwana wofooka kapena wokomoka shuga amatsika msanga, yezani ngati timapepala toyezera shuga tilipo, perekani dextrose (shuga wopereka mu mtsempha) wa 10% pa mlingo wa 5 ml pa kilo, ngati mtsempha wakanika ndipo mwana akumeza mpatseni mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga.

Kutsegula m'mimba funsani masiku angati ndiponso ngati muli magazi. Onani maso ngati alowa, mpatseni madzi muone ngati akumwa mwaphuma kapena akulephera, tsinani khungu la pamimba muone ngati likubwerera msanga. Wotha madzi pang'ono akhale pa kona ya ORS, madzi aja a Thanzi, amwe 75 ml pa kilo m'maola 4, ndi kapu ndi supuni pang'onopang'ono. Wotheratu madzi ndi wa dilipu ya Ringer's. Popita kunyumba Thanzi ndi zinc, 20 mg tsiku lililonse, wosakwana miyezi 6 theka lake, ndipo zinc amalize ngakhale m'mimba mutasiya tsiku lachiwiri.

Musamutulutse musanagwire dzanja ndi mapazi. Chikhatho choyera mbee ndi kuchepa magazi. Tepi ya MUAC, yoyezera kunenepa kwa mkono, ikani pa mkono wakumanzere kwa mwana wa miyezi 6 kupita mtsogolo, pansi pa 11.5 cm ndi kunyentchera koopsa. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, pakatsala dzenje mwanayo watupa ngakhale akuoneka wonenepa, ndipo mu January ndi February nthawi ya njala mudzawaona ambiri. Amene akudya bwino amayamba chiponde, wokana kudya kapena wodwala ndi wa ku NRU, wodi ya ana onyentchera. Onaninso katemera mu buku ndi zotsatira za HIV za mayi ndi mwana, apa ndi pomwe timapeza ana amene anasowa ku sikelo kalekale, makamaka a m'midzi ya m'malire ndi Mozambique.

Potumiza lembani kalata yomveka, mankhwala amene mwapereka, mlingo ndi nthawi yake, imbani foni ku Dedza boma adziwiretu. Mayi auzeni chilungamo mofatsa chifukwa ambiri amafuna akauze kaye bambo a mwana kapena amalume, nde apatseni foni yanu ayimbire pomwepo ambulansi ikubwera. Mwana afundidwe bwino ndipo aziyamwa njira yonse. Kwa wobwerera kunyumba musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa aliyense amayankha eya. Afunseni, "Mayi, usiku uno mumupatsa mapiritsi angati, nthawi yanji? Nanga mukaona chani mubwera naye osadikira kuche?" Akayankha bwino lembani dzina la mudzi wawo pambali, mukakumana ndi a HSA, alangizi a zaumoyo a dera lawo, muwapemphe akamuzonde.