Malangizo kwa Ogwira Ntchito Yotulutsa Aluminiyamu ndi Magetsi

Aluminiyamu amachokera ku ufa woyera wotchedwa alumina, umene umayengedwa kuchokera ku miyala ya bauxite. Njira yomutulutsira ndi magetsi anaitulukira Charles Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha, m'chaka cha 1886, ndipo ndi yomweyo imene fakitale ya Mozal, kufupi ndi Maputo, inayamba nayo ntchito mu 2000.

Popeza alumina payekha amasungunuka pa madigiri a Celsius opitirira 2,000, amathiridwa mu cryolite wosungunuka kale (mtundu wa mchere umene umamusungunula pa kutentha kocheperapo), mumphika waukulu woyalidwa kaboni, umene umatentha madigiri pafupifupi 960. Magetsi akamadutsa, amagawa alumina kukhala aluminiyamu ndi okosijeni; aluminiyamu amadikha pansi pamene okosijeni amakwera n'kumadya zibuma za kaboni zolendewera mumphikamo, n'chifukwa chake zibumazo zimasinthidwa pakatha milungu itatu kapena inayi.

Inu amene mwapatsidwa miphika kuti muyang'anire, dziwani kuti mdani wanu wamkulu ndi chinyezi. Chida chilichonse cholowa mumphika, kaya ndi mgwala woswera chikhokho chouma pamwamba pa cryolite kaya ndi paipi yopopera chitsulo, chiyambe chatenthetsedwa mpaka chiume gwa. Dontho limodzi la madzi likakwiriridwa ndi chitsulo chosungunuka limasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo limaponya chitsulo chamoto kumaso ndi pachifuwa pa munthu amene wawerama pamenepo. Pankhani imeneyi, kufulumira pofuna kuweruka msanga sikungakhale chodzikhululukira. Musavale nayiloni ngakhale m'kati mwa ovololo, pakuti moto ukamufika amasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Samalaninso kathiridwe ka alumina. Akachepa kwambiri, mpweya umakuta kunsi kwa zibuma, mphamvu ya magetsi imadumpha kuchoka pa mavoti 4 kapena 5 kufika pa 30 kapena kupitirira, mphika umatentha mopyola muyeso ndiponso umatulutsa mipweya yowononga nyengo. Akachuluka, amaunjikana pansi ngati matope n'kutchinga njira ya magetsi.

Zivundikiro za mphika zibwezeretsedwe mukangomaliza ntchito, chifukwa utsi wa fluoride wochokera mu cryolite umapweteka mapapo mwakachetechete, ndipo chotchinga kukamwa ndi mphuno chivalidwe ngakhale kutatentha chotani. Amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda asalowe n'komwe m'nyumba ya miphika, popeza magetsi ochuluka chotero amapanga mphamvu ya maginito imene ingakasokoneze.