Mwana akutsalira m'kalasi? Yambirani pomwe iye waima

Makolo ambiri a ku Yeoville, Rosettenville ndi Diepsloot mu Johannesburg amafika kwa ine ndi lipoti la kusukulu m'manja, nkhope ili yakugwa: "Alangizi, mwanayu ndi mbuli." Kawirikawiri vuto si mutu ayi. Kunyumba amayankhula Chichewa, pamsewu isiZulu kapena Sesotho, m'kalasi Chingerezi. Komanso sali yekha. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyesa luso la ana lowerenga m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Grade 4 muno mu South Africa sankatha kuwerenga n'kumva tanthauzo, m'chiyankhulo chilichonse.

Musathamangire homuweki. Mlimi amayamba waona nthaka asanathire feteleza. Tengani pepala, lembani zilembo zisanu, m'munsi mwake mawu asanu monga "mayi" ndi "nsima", kenako ziganizo ziwiri, pomaliza kankhani. Awerenge mokweza. Pomwe wayamba kukakamira, poyambira panu ndi pomwepo, ngakhale ali Grade 5. Njira yophunzitsa mwana molingana ndi zomwe akutha, osati kalasi yake, inayambitsidwa ndi bungwe la Pratham ku India. Akatswiri monga Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo anaiyesa m'masukulu n'kupeza kuti imathandizadi, ndipo anzathu a ku Zambia anaitenga n'kuitcha Catch Up.

Ena amaopa kuti Chichewa chimusokoneza mwana. Ine ndimakana. Chichewa chimawerengedwa momwe chalembedwera: ma, me, mi, mo, mu. Mwana akagwira luso lolumikiza "nyu" ndi "mba" n'kutulutsa "nyumba", lusolo amapita nalo ku isiZulu, amapitanso nalo ku Chingerezi, ngakhale Chingerezicho chili ndi makhotakhota ake oti aphunzire pang'onopang'ono.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ichi: tsekani buku, mufunseni. Ana athu amayang'anitsitsa tsamba kasanu n'kumaganiza kuti zalowa. Mu 2006 akatswiri ofufuza Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti patatha sabata, omwe ankadzifunsa zomwe awerenga anakumbukira zambiri kuposa omwe ankangobwereza kuwerenga. Ndiye akamaliza ndime, bukulo likhale chozondoka patebulo, inu muti, "Tandiuza, mnyamata uja anapita kuti? Chifukwa chiyani?" Akangoti zii, musamuponyere yankho. Werengani chamumtima mpaka 10. Akalakwa, mukonzereni pomwepo mosakalipa, chifukwa mwana wamantha amangolota mayankho. Mudzamufunsenso mkuja, kenako sabata yamawa.

Ndikudziwa, mumatsika takisi kutada, msana ukuwawa. Mphindi 15 tsiku lililonse, madzi a nsima akutentha, zimathandiza kuposa maola atatu a Lamulungu lokha.

Pa masamu, tolani zitsekerero za mabotolo pa spaza (kagolosale ka m'dera lanu). Ziunjikeni m'milu ya 10. Pochotsa 7 mu 23 (milu iwiri ndi zitatu zapadera), mwana aone yekha kuti zitatu zapaderazo sizikwana, aphwasule mulu umodzi ndi manja ake. "Kubwereka" kuja komwe tinkangoloweza n'kumeneku. Akazolowera, ajambule timizere papepala, manambala abwere pomaliza.

Nkhani zaulere za ana mungazipeze ku Nal'ibali (bungwe lolimbikitsa ana kuwerenga) pa intaneti ndi ku laibulale ya m'dera lanu. Koma ngati mwana amatsinzinira poyang'ana bolodi, kapena mumachita kumuitana katatu asanatembenuke, yambani mwapita naye ku kiliniki akamuyeze maso ndi makutu, kenako mukawauze aphunzitsi ake zomwe zapezeka.